Anyezi wa m'bakuli

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wogulitsa maloko ndi wokonza mafoni, pamakhala makina osokera akuda, ndipo kumbuyo kwa makinawo kumakhala Amake Mapasa. Mapasawo anakula kalekale, anakwatiwa n'kupita kutali, koma dzina linatsalira. Mayiwa sasoka madiresi a ukwati. Iwo ndi a zipi zothothoka, matumba obooka ndi mathalauza a anthu amene anenepa kapena kuonda. Munthu akangoima patsogolo pawo, diso lawo limakhala litamuyeza kale m'chiuno asanapereke n'komwe moni, ndipo tepi amaitulutsa pongofuna kuti kasitomala asaone ngati akumunyoza.

Ndi munthu wamantha, ndipo sabisa. Amaopa agalu, mawaya a magetsi ndi aliyense wovala yunifolomu, moti ngakhale mlonda wa pabanki amamupatsa moni kawiri. Chodabwitsa n'chakuti mayi wamantha chotere anakwatiwa ndi mwamuna wapakamwa. Amuna awo ndi olemba zikwangwani, ndipo anthu amangowatchula kuti a Bulashi. Akakwera pamakwerero salankhula, koma akangotsika amatsutsa chilichonse, kuyambira wailesi mpaka ndiwo. Nkhondo yawo ya m'nyumba, chikwatiranire, ndi ya anyezi. A Bulashi sadya anyezi. Ngakhale mumudule mosaoneka, amamusaka ndi supuni n'kumuunjika m'mbali mwa mbale, uku akudandaula kuti pali chiwembu chowapha.

Mavuto anayamba mng'ono wa a Bulashi atamwalira pabenchi la chipatala akudikira mankhwala amene kunalibe. Pochokera kumaliro, a Bulashi anatenga penti wofiira n'kulemba pakhoma la shopu yawo yomwe, zilembo zowongoka bwino monga mwa ntchito yawo: MANKHWALA ATHU AKUPITA KUTI? Wina anajambula, chithunzicho chinayenda m'mafoni, anthu n'kuyamba kuima pamsewu kuwerenga. Amake Mapasa anawachonderera kuti afute, anafika pogula okha penti woyera. Amuna awo anangoti funso si mlandu. Tsiku lina m'mawa kunabwera galimoto yopanda nambala, munatsika amuna aulemu ndithu, n'kunena kuti ali ndi mafunso ochepa. A Bulashi anapita osasamba m'manja, chitini cha penti n'kuchisiya chotsekula.

Amake Mapasa anazungulira mapolisi onse amene ankawadziwa. Paliponse wapadesiki ankatsetsereka chala m'buku, n'kuyankha mofanana kuti dzina limenelo kulibe. Anafika mpaka kunyumba yosungira mitembo, ndipo atatuluka osawapeza sanadziwe ngati aseke kapena alire. Chimene chinkawapweteka koposa chinali chakuti panalibe wowakalipira kapena kuwathamangitsa. Aliyense ankawauza mwaulemu kuti amuna awo sali paliponse.

Nkhani inabwera ndi thalauza. Bambo wina anafika nayo kuti aibweze m'chiuno, ndipo mayiwa anaona kuti munthu saonda chotero ndi malungo chabe. Akumuyeza, bamboyo analankhula chapansipansi, maso ali kumsewu. Anati wangotuluka kumene kukapolisi kakang'ono kuseri kwa nyumba zosungira katundu, kopanda chikwangwani, ndipo m'chitokosi cha kumeneko muli bambo wina wa penti m'zikhadabo, wotsutsa zilizonse. Thalauza sanabwerenso kudzaitenga.

Mawa lake anaphika mpunga ndi nyemba, n'kuika m'bakuli, n'kumanga ndi kansalu. Pageti panali wapolisi wachikulire wa maso otopa. Atamutchulira dzina la amuna awo sanavomere, sanakanenso. Anangolandira bakuli n'kulowa, ndipo patapita nthawi analibweza lopanda kanthu. Amake Mapasa anabwerera akuyenda ngati mtsikana, koma chimwemwecho sichinawafikitse kunyumba. Panjira anakumbukira kuti apolisi nawonso ali ndi mimba.

Ndiye tsiku lotsatira anachita chimene anali asanachitepo mwadala m'banja lawo lonse. Anadula anyezi zikuluzikulu n'kumuthira wambiri munyemba. Bakuli litabwerera, analitsekulira pomwepo pamsewu. Anyezi yense anali ataunjikidwa m'mbali, mwadongosolo, monga mmene ankawakwiyitsira patebulo. Anakhala pansi pafupi ndi ngalande n'kulira osasamala odutsa. Kuyambira pamenepo moyo wawo unali womwewo: m'mawa kuphika, masana kugeti, kutsekula bakuli, kenako kubwerera kumakina.

Loya anabwera yekha pakhondepo, atamva nkhaniyi kwa wokonza mafoni. Anali mayi wa mawu osasa, wa nsapato zotha zidendene, wochokera kubungwe loona za ufulu wa anthu. Anakhala pampando wa makasitomala, foni yake ikungolira, n'kufotokoza kuti ali ndi milandu ina yangati imeneyi: wina anaimba foni kuwailesi, ena anali ophunzira onyamula chinsalu cha mawu odzudzula boma. Anati lamulo limanena kuti womangidwa aonekere kukhoti msanga n'kuuzidwa mlandu wake, ndipo iye wapempha kale khoti kuti lilamule apolisi kubwera nawo a Bulashi. Vuto linali lakuti apolisi alumbira kuti munthu wotero alibe. Pankafunika wina woima pamaso pa woweruza n'kunena kumene ali.

Amake Mapasa anafunsa chimene chidzachitike kugeti kuja akalankhula.

"Mayi, sindikunamizani," anatero loyayo. "Akhoza kutseka. Akhozanso kuwasamutsa. Koma munthu amene boma likuti kulibe, chilichonse chingamuchitikire, ndipo palibe adzafunsidwe."

Alamu awo, mkulu wa a Bulashi, atamva anakana kwamtuwagalu. Anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo maloyawa mlandu ukavuta amapita kwawo kukadya, wotsala m'chitokosi ndi m'bale wako. Bola chakudya chikulowa, anthu aja adzatopa okha n'kumutulutsa. Mawuwo anali omveka, ndipo kwa munthu wamantha anali okoma. Amake Mapasa anayamba kumuzemba loya. Akaona kagalimoto kake kakuima, ankalowa m'sitolo ya zitsulo n'kumafunsa za misomali imene sankaifuna.

Kenako tsiku lina bakuli linabwerera loyera, lopanda ngakhale kachidutswa ka anyezi. Anayang'ana wapolisi wachikulire uja, iye n'kuyang'ana kumbali. Sakumbukira mmene anafikira kunyumba. Anaganiza zoti amwalira, zoti awasamutsa, zoti akudwala moti sangathe kugwira supuni, ndipo panalibe aliyense padziko lapansi woti angamufunse. Mawa lake anyezi anabwereranso m'mbali mwa bakuli ngati sipanachitike kanthu. Koma mayiwa anali ataona kale mmene zidzakhalire tsiku limene sadzabwereranso. Anachoka pagetipo n'kulunjika kuofesi ya loya, bakuli lili m'manja.

Kukhoti anavala diresi la kutchalitchi. Loya anawafunsa pang'onopang'ono, iwo n'kufotokoza za geti, za wapolisi wolandira, za anyezi. Atatsekula bakuli kuti woweruza aone, anthu anaseka, loya wa boma n'kufunsa ngati masiku ano ndiwo zayamba kuchitira umboni. Amake Mapasa anachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi. Koma loya wawo sanatsutsane naye za anyezi. Anaimirira n'kufunsa chinthu chimodzi, kuti ngati apolisi alibe munthuyu, chakudya chobwera m'dzina lake akhala akuchilandirira ndani masabata onsewa. Loya wa boma anasanthula mapepala ake nthawi yaitali. Woweruza analamula kuti apolisi abwere nawo a Bulashi pamaso pake sabata yotsatira, apo ayi mkulu wa polisiyo adzabwere yekha kudzafotokoza.

Masana omwewo anapita kugeti. Wapolisi wachikulire uja panalibe, panali wina wachilendo, amene sanafune ngakhale kuliyang'ana bakuli. Anati pano sasunga anthu, ndipo mayi asadzaonekenso. Anayesanso mawa lake, n'kubwerera nacho chakudya chikadali chofunda.

Sabata imeneyo ndi imene Amake Mapasa safuna kuikumbukira. Anasoka zipi chadodolido pa siketi ya mwini, chinthu chimene sanachitepo ngakhale akuphunzira. Alamu awo ankabwera, kukhala pampando, kuyang'ana msewu, n'kuchoka. Galimoto iliyonse ikaima pafupi ndi khonde, phazi lawo linkaima pachopondera. Ankadziuza kuti ndi iwo atseka getilo ndi pakamwa pawo, ndipo ngati amuna awo afa ndi njala, wawapha ndi mkazi wawo.

Tsiku litakwana anafika kukhoti zitseko zisanatsekulidwe. Milandu ina inalowa n'kutuluka. Loya ankangoyang'ana wotchi, ndipo mayiwa anaona kuti nayenso akuopa, zimene zinawaopsa kwambiri. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, galimoto ya apolisi inalowa kuseri. Anayamba kuona thalauza ya amuna awo. Inali yomwe anaipinda okha m'miyendo, koma tsopano mwini wake ankaigwira ndi dzanja kuti isagwe. Kenako anaona ndevu zaimvi, ndi maso aja ofunafuna woti atsutsane naye.

Zam'khotimo zinatha msanga. Apolisi anati panali kusamvana pa kalembedwe ka m'mabuku awo. Anawawerengera a Bulashi mlandu wofuna kusokoneza mtendere, woweruza n'kunena kuti za belo adzamva tsiku lina, ndipo pakadali pano akasungidwe kundende yaikulu. Amake Mapasa atamva mawu oti ndende anagwira mkono wa loya. Iye anawanong'oneza kuti kumeneko dzina limalembedwa, abale amaloledwa kuona munthu, ndipo tsopano palibe anganenenso kuti kulibe.

M'kanjira ka kuseri, akudikira galimoto, wapolisi anawalola kuyandikira. Mawu onse amene anakonza anathawa, ndipo chimene chinatuluka chinali chodandaula.

"Bambo a mapasa, mwaonda chonchi bwanji? Chakudya chonse chija?"

"Tinalimo ambiri, mayi. Bakuli lija limazungulira, aliyense supuni zake." Anakweza thalauza. "Anyezi uja anzanga amamulirira. Ndimawamana kuti abwerere kwa inu. Tsiku lina ananditenga kukandifunsa mafunso, ndinapeza adya."

Amake Mapasa anatsekula pakamwa, koma amuna awo anali atatembenukira kale kwa loya. Analankhula mofulumira, akuyang'ana wapolisi. Anati chitsekereni geti sikunalowenso kanthu kochokera kunja, ndipo m'chitokosimo mwatsala bambo wina wachikulire amene anamangidwa chifukwa cha zimene ananena pamsonkhano wa makolo. Alibe womuyendera, abale ake mwina sakudziwa n'komwe kumene ali, ndipo ndi amene ankayamba kudya chifukwa amadwala shuga. M'mawa umenewo powatenga, bamboyo sanathe kudzuka kuti atsanzikane.

Loya anafunsa dzina lake, nati popanda dzina kapena m'bale khoti silingamumvere. Galimoto inali itafika, wapolisi n'kuwagwira a Bulashi paphewa.

"Dzina sindinawafunse," anatero. "Timangoti Aphunzitsi."

Chitseko cha galimoto chinatsekedwa. Loya anathamangira m'khoti kukayesa kuonana ndi woweruza asanachoke. Amake Mapasa anatsala okha m'kanjiramo, akudziwa bwinobwino kumene amuna awo akupita, ndiponso kuti kuseri kwa geti limene linatsekedwa tsiku la umboni wawo kuli munthu amene sanadye.