Kalata M'mwendo wa Ng'ombe

Chimene sindinachimvetse mwa a Custodio, ndipo mpaka lero sindichimvetsa, n'chakuti ankadera nkhawa nyama imene sankadya, yopita kwa anthu amene sakanadzawaona.

Anabwera kudzakhala nafe mu 1972, nyumba za ku Glen Norah, mumzinda wa Salisbury, zikununkhabe simenti. Anali munthu wa ku Tete, wamfupi, wadazi, ndipo akazi awo anali atamwalira kale. Ine ndi akazi anga, mayi Febbie, tinawapatsa chipinda cha kumbuyo. Ine ndi a Custodio tinkagwira ntchito pa kampani ina yotumiza nyama kunja. Ine ndinali kalaliki, iwo ankaperekeza mabogi a sitima onyamula nyamayo.

Ng'ombe ikaphedwa ankaigawa panayi, n'kuiumitsa m'nyumba yozizira mpaka ikhale ngati mwala, kenako n'kuisokerera m'nsalu yoyera, chiguduli pamwamba. Ankaipakira m'mabogi okhala ndi mothira ayezi ndi mchere, ndipo sitima inkayenda masiku awiri, nthawi zina atatu, kukafika ku doko la Beira. Ntchito ya a Custodio inali kuwonjezera ayezi pa masiteshoni a Umtali ndi Vila Pery, kukangana ndi anthu a njanji kuti asaimike mabogi padzuwa, ndi kuimirira padoko mpaka mwendo womaliza utalowa m'mimba mwa chombo.

Azungu anali ndi chipangizo choyezera kuzizira. A Custodio anali ndi kachibonga ka mlombwa. Ankagogoda nyama n'kutchera khutu. Ikalira kuti ngo, ili bwino. Ikalira kuti bu, yayamba kufewa, ndipo munthu wina atukwanidwa m'zinenero zitatu. Sindikonda kutamanda munthu, koma pa zaka zonse zimene ndinasunga mapepala, bogi ya a Custodio sinabwezedwepo.

Analinso ndi chijasi chakuda cha kuntchito chimene sankavula, ngakhale m'mwezi wa Okutobala.

"Alamu, vulani chijasicho," ankatero mayi Febbie. "Mudzatipsera pakhomo pano, anthu aziti tinakuphikani."

"Iyayi mlamu, ndikusunga kuzizira. Kukathawa ndikakugula kuti?"

Akatero ankatenga sikono imene mayi aphika, n'kuigogoda ndi kachibonga. "Ngo! Iyi ingafike kutsidya la nyanja popanda ayezi."

"Bwezani sikono yanga, mfiti ya m'firiji inu!"

Koma panali chinthu chimene chinkawadya mumtima. Kuyambira pamene azungu a Rhodesia analengeza okha kuti adziimira paokha, mayiko ambiri analetsa malonda ndi dziko lino. Nyama inkapitabe, koma mobisa. Chidindo cha pachiguduli sichinkatchula Rhodesia, ndipo mapepala amene ndinkataipa ankathera pa Beira. Kuchoka pamenepo ena ankalemba mapepala ena. Ife apansi sitinkadziwa kumene nyamayo imadyedwa.

"A Lameki," ankandiuza tikukwera basi, "ine ndimaipereka ikulira ngo. Nanga m'nyanjamo? Milungu itatu, inayi, dzuwa lili phwee. Amalinyero aja ndimawaona, vinyo m'manja kuyambira m'mawa. Makina oziziritsa akazima, agogoda ndani? Mwina zaka zonsezi ndikutumizira anthu zowola, akunditukwana osandidziwa."

Ndinkawayankha kuti udindo wawo umathera padoko. Ankandiyang'ana momvera chisoni.

Lamulungu lina masana, mu Ogasiti 1974, titachokera ku tchalitchi, anabwera ndi pepala ndi cholembera. Iwo sankatha kulemba. Anandipempha kuti ndiwalembere m'Chingerezi mawu awa: "Inu amene mwatsegula nyamayi, moni. Kodi yafika youma? Uzani amalinyero, andipeza pa doko la Beira. Ndimavala chijasi chakuda. Ine Custodio."

Ndinakana kawiri. Kachitatu mayi Febbie anati, "Alembereni, mwina tingapume." Ndinalemba.

Apa ndiyenera kuulula. Ku sukulu ya mishoni, kalata yopanda adiresi pamwamba kudzanja lamanja inkakupezetsa lula m'zala. Dzanja langa linachita zimene linaphunzira, mutu usanaganize. Ndinalemba nambala ya nyumba, Glen Norah, Salisbury, Rhodesia, ndi tsiku, n'kudula mzere pansi pake mwaudongo. A Custodio anayamikira kukongola kwa zilembo. M'mawa mwake anaikulunga m'pulasitiki, anaitsekera pansi pa nsalu ya mwendo wina wam'mbuyo, n'kusokanso.

Ndinazindikira chimene ndinachita nyamayo ili kale panyanja. Sindinawauze. Iwo ulendo uliwonse ankazungulira padoko kufunsa amalinyero ngati pali uthenga wa munthu wa chijasi, ndipo ankabwera ndi nkhani za ophika a m'zombo, koma yankho ayi.

Mu Disembala bwana wamkulu anaitanitsa a Custodio ku ofesi, ine n'kuitanidwa kuti ndikamasulire. Patebulo panali kalata yanga, yamakwinya, ya madontho a mafuta. Mkhalapakati wa kutsidya anaibweza. Bwana anali wofiira mpaka m'makutu. Anati wa kasitomu mmodzi yekha, mwa oyendera katundu padoko, akanaiona, chombo chonse chikanagwidwa, ndipo njira imene anthu anaikonza zaka zisanu ndi zinayi ikanatsekedwa ndi kapepala kamodzi. Ndinamasulira zonse.

A Custodio anamvetsera modekha, chipewa m'manja. Kenako anati, "Afunseni, inafika bwanji?"

Bwana anaganiza kuti sindinamasulire bwino, nabwereza zonse mokweza.

"Ndamva, ndamva. Koma inafika bwanji?"

Pamenepo ndinaona kuti kumunsi kwa kalatayo kunali mawu ena, olembedwa ndi pensulo m'Chingerezi chopunduka. Wogulitsa nyama amene anaipeza anayankha, ngakhale dzina lake ndi la mzinda wake zinali zitadulidwa ndi sizasi. Sindinapemphe chilolezo. Ndinawerenga mokweza m'Chichewa: "Bwenzi Custodio, nyama yafika youma kwambiri. Macheka anga anathyoka dzino. Nyama yabwino. Moni kwa chijasi."

A Custodio anawomba m'manja kamodzi. Anazungulira pakapeti ya bwana, chijasi chikuuluka, akuimba kanyimbo ka kwawo. "Dzino! Mwamva a Lameki? Lathyoka dzino!" Ataima anafunsa, "Ndi dziko liti?"

Bwana anati zimenezo sizikuwakhudza, ndipo anafuna kudziwa amene analemba kalatayo.

"Mphunzitsi wina wa ku Beira," anatero a Custodio osaphethira. "Wamtali, wa ndevu. Anasamuka."

Ndinamasulira bodzalo liwu ndi liwu. Bwana anandiyang'ana nthawi yaitali. Kuntchito ndinkangotaipa, kotero zilembo zanga za ku mishoni sankazidziwa bwino, kapena anasankha kusazidziwa. A Custodio anachotsedwa pa mabogi tsiku lomwelo. Bwana anawauza kuti akafuna azisesa pabwalo.

M'basi ndinawaululira za adiresi ija, ndikuyembekeza mawu owawa. Anaseka mpaka kondakitala anatembenuka.

"Ndiye munachita bwino, shamwari, mnzanga! Popanda Rhodesia wanuyo akanaopa ndani? Akanaitaya m'bini. Mantha ndiwo anailipirira sitampa."

"Koma ntchito yanu yatha chifukwa cha ine."

"Yatha theka. Ndadziwa kuti imafika. Kwatsala kudziwa kumene imafika."

Anasesa pabwalo milungu itatu, akugogoda mabogi a anzawo podutsa ndi kupukusa mutu. Kenako anatiuza kuti wophika wina wa m'chombo anawauzapo kuti m'zombo za nyama mumafunika munthu wodziwa zipinda zozizira. Ndinawakumbutsa kuti ali ndi zaka zoposa makumi asanu, kuti njira ya kumalire sinalinso yabwino chifukwa cha nkhondo, ndiponso kuti sadziwa kusambira.

"Nyama imadziwa kusambira?" anandifunsa.

Ananyamuka Loweruka m'mawa, mu Januwale 1975, ndi sutikesi ya katoni yomanga ndi chingwe. Anthu a mumzere wathu wa nyumba anatuluka kudzaonerera. Mayi Febbie anawapatsira masikono khumi ndi awiri m'kansalu.

"Tengani alamu. Munanena nokha kuti safuna ayezi."

"Mlamu, awa ndikathyolera macheka a azungu."

Mayi anaseka, kenako anatembenukira kumpanda n'kumakonza nsalu imene inali yoyanikidwa bwinobwino.

Ndinawaperekeza pokwerera basi. Ndinawafunsa dzina la chombocho kuti ndidziwe kolembera. Anati sakulidziwa. Ndinafunsa ngati wophika uja akadalipo. Anati mwina. Ena mumzere wathu amati anakwera chombo, ena amati anabwerera ku Tete, ndipo chaka chotsatira malire anatsekedwa, kalata sinabwere. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi ichi chokha: basi itaima, anatulutsa kachibonga m'thumba la chijasi, anagogoda m'nthiti mwa basiyo kawiri, natchera khutu.

"Ngo," anatero, n'kukwera.