Mawu Amene Anaikidwa M'kamwa mwa Agogo NyaGondwe

Ndikakumbukira agogo anga aNyaGondwe, ndimamva fungo la mafuta otentha atalowerera m'pepala la nyuzi. Ankagulitsa chinangwa chokazinga ndi usipa m'mbali mwa msewu pa Chilumba, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pafupi nawo n'kumang'amba nyuzipepala zakale zokulungira malondawo, utsi ukundiwawa m'maso, makondakitala akukuwa, asilikali akudutsa awiriawiri. Agogo sankadziwa kuwerenga. Chichewa ankangodziwa chogulitsira basi.

Ankandilera chifukwa amayi anga anamwalira ali ndi pakati. Tsiku limene matenda anayamba, kachipatala ka kwathu kanalibe mzamba, ambulansi inalibe mafuta, ndipo anatsirizikira pa ngolo panjira yopita kuchipatala china.

Patapita miyezi ingapo, nduna ina inabwera kudzayendera kachipatalako, atakapaka penti dzulo lake. Inabwera ndi atolankhani. Mmodzi wa iwo, wovala jekete dzuwa likuswa mtengo, anafuna kucheza ndi mayi wachikulire. A Msiska, amene ankatsogolera chipani m'mudzi mwathu, anakoka agogo pagulu n'kunena kuti amasulira ndi iwo. Ine ndinali pamzere wa ana asukulu, ndipo mawu a agogo ndinkawamva bwinobwino. "Mwana wane wali kufwira pa nthowa," anatero m'Chitumbuka akuloza msewu umene mwana wawo anaferapo. A Msiska anaweramira kwa mtolankhani uja, n'kunena zawo motsitsa mawu, iye n'kumalemba. Agogo anabwerera kunyumba mtima utapepuka. Ankati tsopano dziko lonse limva.

Sipanathe masabata awiri, anthu anayamba kutizizirira. Amayi pamjigo ankasiya nkhani tikafika. NyaMhango, mnansi wathu amene naye anataya khanda pa kachipatala komweko, anasiya kutipatsa moni. Agogo ankangodabwa kuti alakwa chiyani.

Tsiku lina ndikung'amba mapepala, ndinaona nkhope yawo. Inali pa tsamba la Chichewa, atagwira pachifuwa, nduna ikumwetulira pambali.

"Agogo, si inu awa?"

Anasiya chipande, napukuta manja. Anasangalala kaye, ndipo chimenechi chimandipwetekabe mpaka lero. "Werenga," anatero.

Ndinawerenga mogwiragwira, ndikuwamasulira. Nkhaniyo inkati mayi Gondwe athokoza boma chifukwa amayi a m'deralo tsopano akuchira bwino, ndipo ati onena zoipa za chipatalacho ndi ansanje.

"Werenganso."

Ndinabwereza. Chinangwa chinali kupserera m'chiwaya, iwo osachiona. "Utesi!" anakuwa, mpaka kondakitala wina anatembenuka. Bodza. Anandilanda pepalalo, nasiya moto ukuyaka, ulendo wa kwa a Msiska, ine ndikuthamanga pambuyo.

Tinawapeza akukonza njinga. Sanachite manyazi n'komwe. "Amama, nduna siuzidwa za maliro pamaso pa atolankhani," anatero. "Mukanatichititsa manyazi tonse. Chitukuko chikanapita kwina."

"Chitukuko chanu chili kumanda, adada," anayankha agogo. "Tiyeni ndikakuonetseni."

Tinalemba kalata yopita kunyuzipepala ija. Iwo ankanena, ine ndikulemba papepala la m'kope, ndipo aphunzitsi anga anatiikira adiresi. Sinatuluke. Tinalembanso ina. Zii.

Apa agogo anayamba kuphunzira Chichewa. Ankandiuza kuti ndiziwaphunzitsa ziganizo zinayi zokha, ndipo ankazibwereza posenda chinangwa, potunga madzi, pochapa, lilime likuwapindikira ku Chitumbuka. Ndikaseka ankanditsina khutu. "Pakamwa panga sindidzabwerekanso munthu," ankatero.

Nduna ija inabweranso nthawi ya kampeni. Amayi anali kuvina pabwalo la sukulu, atolankhani ali pamthunzi ndi mabotolo a madzi. Agogo analowa m'bwalo ngati akuvina nawo, nafika pa tebulo, nagwira maikolofoni.

"Ine ndine NyaGondwe. Sindinathokoze munthu. Mwana wanga anafera pa ngolo. Nyuzi yanu inanama."

Pa chiganizo chachinayi anali atazula kale waya wa maikolofoni, koma agogo anakuwa ndi mawu awo. Anyamata achipani anawagwira mikono n'kuwakokera kunja, mpango unagwa, patapata imodzi inatsalira m'fumbi. Ena pa mipando anaseka katchulidwe kawo. Ndinayang'ana atolankhani: palibe amene anakweza kamera. Koma NyaMhango anasiya kuvina, nakhala pansi pakati pa bwalo. Wina anakhalanso, kenako wina, mpaka ng'oma zinangotsala zokha, nazonso zinaleka.

Mawa lake wailesi inati anthu a kwathu alandira nduna ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako ananyamula beseni lawo. Pamsewu tinapeza NyaMhango atatsogola kale, akutikolezera moto. Sanapepesane. Anangokhala limodzi n'kumasenda.

Agogo anamwalira nyuzipepala ija isanakonze ngakhale liwu limodzi. A Msiska ndinawaleka kalekale. Anali munthu wamantha woteteza kampando kake. Amene sindinamukhululukire ndi mtolankhani uja. Anaona mayi akugwetsa misozi, akuloza msewu, akulankhula mpaka mawu kusasa, womasulira n'kumupatsa mawu awiri othokoza, iye n'kulemba osafunsa. Pakachipatalapo panali ana odzaza makalasi amene akanamuuza zoona.

Lero ndine namwino. Alendo akuluakulu akabwera ndi makamera awo, wodwala akayamba kulankhula chinenero chake, ndimaima pambali pa bedi n'kumasulira ndekha, mokweza, liwu ndi liwu. Akuluakulu anga anandiitanirapo kuofesi kawiri. Akandiitananso, ndipita.