Jekete la Nambala 47

Kwathu kuno ku Elk Ferry, m'chigawo cha Wisconsin, munthu akafuna kudziwa ngati wanenepa sapita pa sikelo, amangodutsa pamaso pa Mayi Marlys Tollefson. Mayiwa amakuyang'ana kamodzi kokha, mapini ali kukamwa, n'kukuuza kuti, "Mainchesi awiri m'chiunomo. Chepetsa tchizi." Ine sindinawaonepo atalakwitsa.

Kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi iwo ndi amene akhala akusamala majekete a Alonda a Mtsinje, gulu lathu la malipenga, ng'oma ndi mbendera, lomwe chilimwe chilichonse limakwera mabasi kukapikisana ndi magulu ena m'mabwalo a mpira. Majeketewo ndi obiriwira, a nsalu yolemera, mabatani amkuwa khumi ndi awiri, kolala youma yoti khosi lisayerekeze kupindika. Kumutu kumakhala chipewa chachitali cha nthenga yoyera. Nthengayo ukaigwira wopanda magolovesi mayiwa akuona, udzawalota sabata yathunthu.

Ntchitoyi anaiyamba ali ndi zaka makumi awiri. Masiku amenewo atsikana sankaloledwa kuimba lipenga m'gululi, choncho Marlys anangotsikira m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Lutheran kukathandiza azakhali ake kusoka. Ndi mmenemo anatulukira mnyamata wina wamakutu aakulu, Duane, atanyamula jekete la nambala 47, batani lachitatu litathothoka. Marlys analisoka. Lachitatu batani lomwelo linathothokanso, Lachisanu chimodzimodzi. "Ulusi wanga suduka chonchi," anatero Marlys. "Kapena ukuchita kudula ndi mano?" Duane makutu aja anafiira, ndipo chaka chotsatira anakwatirana.

Mwambo wa gululi ngwakuti ukakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi umaguba chilimwe chako chomaliza, basi. Pa tsiku lotsiriza umavula nsapato n'kuzisiya pabwalo, kenako umalemba dzina lako m'kati mwa jekete lomwe unavala, chakumsana. M'kati mwa 47 munali Duane pamwamba, anthu ena atatu, kenako Craig, mwana wawo woyamba. Pansi pake panatsala malo okwana dzina limodzi, ndipo Elk Ferry yense ankadziwa mwini wake.

Anali Britta, chitsiriza chawo. Britta anatha zaka zitatu akuzunguza mbendera pabwalo, koma a mbendera savala jekete. Ndiye nyengo yachisanu yonse ankadzitsekera m'galaja ndi lipenga lakale la bambo ake, agalu a m'deralo n'kumamuyankha, mpaka anapambana mayeso olowera kwa amalipenga. Chinali chaka chake chomaliza. Mayi Marlys anali atafupikitsa kale manja a 47, atalipanikiza m'mapewa, n'kulipachika palokha.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mu Januwale akomiti anabweretsa wokonza zionetsero watsopano, Dominic Arreola, mnyamata wa ku Texas wovala sikafu ngakhale m'nyumba. Anaimirira kutsogolo m'holo ya sukulu, maso akuwala, n'kufotokoza kuti chionetsero cha chaka chino chikhala cha ayezi wa mumtsinje akamasungunuka. Pabwalo padzakhala mabokosi akuluakulu oyera okankha. Oimba azidzakwawa, kugona pansi, kuthamanga mobalalika. M'zokuzira mawu muzidzamveka madzi akudontha.

"Nanga mzere?" anafunsa Duane ali kumbuyo. Ankanena mzere umodzi uja wa gulu lonse, phewa ndi phewa, wochoka uku kukafika uko, womwe Alonda akhala akutsekera nawo chionetsero chiyambire.

"Madzi sayenda pamzere, bambo," anayankha Dominic akumwetulira.

"Majekete adzakwawa nawo bwanji?" awa anali Mayi Marlys.

Dominic anatulutsa chovala m'chikwama. Chinali chotuwa, chotamuka, chothina thupi lonse, chopanda batani ngakhale limodzi.

"Ameneyo ndi sokosi," anatero mayiwo. "Mukufuna ana a eni ake alowe m'sokosi."

Holo yonse inafa ndi phwete, koma akomiti anali atagamula kale. Mayi Marlys anapsa mtima kwambiri. Za ntchito yawo sanadandaule, masokosiwo ankang'ambika m'mawondo tsiku lililonse moti singano sinkapuma. Chinkawawawa ndi 47, lomwe linali litapachikidwa apo likudikira, ndi Britta yemwe analibenso chilimwe china.

"Mami, musadye mutu," Britta ankawauza. "Chionetserochi n'chokoma, mungoona. Sindinaimbepo nyimbo yovuta chonchi."

"Ukoma wake uli pati, uli chafufumimba pa kapinga ngati wataya ndolo?"

Mpikisano woyamba unali mu Juni, m'tauni yoyandikana nafe. Oweruza anapereka mapointi omwe Alonda anali asanawaonepo chibadwire. Koma anthu, ayi. Nyimbo itatha panali zii, mpaka tinamva wogulitsa soseji akufunsa ngati wina akufuna anyezi. Kenako m'manja munaombedwa mwaulemu, ngati pa msonkhano wa makolo. Mayi Marlys anakondwera, chimwemwe choipa chija cha "ndinanena ine". Chomwe sanauze munthu n'chakuti pakati pa chionetserocho, pomwe mabokosi anagawikana ng'oma zikugunda ngati ayezi akusweka, tsitsi linawaima. Anakwiya nazo kwambiri zimenezo, ndipo m'galimoto anakalipira Duane kuti akuyendetsa pang'onopang'ono.

Zinapitirira choncho mpaka mu Julaye: oweruza kukondwa, anthu kukhala chete. Tsiku lina masana Dominic anatsikira m'chipinda chapansi chija atanyamula masoseji awiri m'mabanzi, sikafu ili m'thumba.

"Ngati mwabwera ndi sokosi wong'ambika, ikani apo," anatero mayiwo osadzutsa mutu.

"Mayi Tollefson, mathero anga ndi akufa. Ana akuimba ndi mtima wonse, koma akamatuluka pabwalo sayang'anana. Ayezi akusungunuka, inde, koma pansi pake sipakutuluka kanthu." Anayang'ana majekete omwe anali ndandanda kukhoma. "Pansi pa ayezi pamatuluka zobiriwira, si choncho? Ndikufuna awa abisidwe m'mabokosi muja. Kumapeto ana avale, apange mzere wanu uja."

Mtima wa Mayi Marlys unadumpha, koma nkhope anaiumitsa. "Kuvala jekete limodzi ndi mphindi zinayi, pokhapokha wina akuthandize kolala."

"Ndili ndi masekondi khumi."

"Ndiye mwalemba m'madzi."

"Mabatani akhale omanga kale. Mungong'amba kumsana kuchoka pa kolala mpaka pansi, muikemo zomatira zija za pa nsapato za ana. Mwana azingolowetsa manja kutsogolo, wa mbendera n'kumumata kumbuyo."

"Kumsana? Mukudziwa chomwe chili kumsanako?" Anatembenuza jekete limodzi n'kumuonetsa mayina, ena a inki yofwifwa, ena a anthu omwe tinawaika kale m'manda. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikuthamangitsa njenjete muno, lero ndikhale njenjete ndine? Tulukani. Soseji siyani."

Lachisanu madzulo, akudya nsomba zokazinga ku holo ya ozimitsa moto, nkhaniyo anaitula kwa Duane, akuyembekeza kuti awathandiza kukwiya. Duane, yemwe masiku ano 47 lingangomukwana mkono umodzi, anapitiriza kutafuna.

"Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero.

"Kalumo kake n'kodula dzina lako pakati, ukudziwa?"

"Dula. Likupindula chiyani m'chipinda chamdima muja? Ine ndinalemba kuti wina adzatuluke nalo thukuta, osati lizinunkhira mankhwala a njenjete. Kwatsala masabata atatu, Marlys. Mwana uja akasiya nsapato pabwalo, ndiye kuti zatha."

Loweruka m'mawa Mayi Marlys anayala 47 patebulo. Anati ngati n'kulakwitsa alakwitse pa lawo, osati pa la eni. Anajambula mzere ndi choko, anapukuta magalasi, anakamwa khofi, anabwerera, anapukutanso magalasi. Mantha anali nawo enieni. Kenako lumo linalowa, ndipo linadutsa pakati pa dzina la Duane, pa a anthu atatu aja, ndi pa la Craig. Analira pang'ono, poti panalibe woona. Akatero anapinda m'mphepete mochepa kwambiri, n'kusoka zomatira mosamala moti atatseka msanawo n'kusuzumira m'kati, zilembo zonse zinakumana ndendende.

Majekete otsala anali makumi asanu ndi awiri mphambu asanu ndi anayi. Azimayi a kwaya anabwera ndi makina awo, Duane anapatsidwa simbi, ndipo Dominic anamukhazika pakona kuti azimasula ulusi wa makolala. Zala zake zonse zinali mabandeji pofika Lachiwiri.

"Achimwene, singano imeneyo si mkondo," ankamuseka mayiwo. Pa nkhani ya zipewa anakangana masiku awiri, ndipo apa Dominic anapambana: nthenga sizikanatheka m'masekondi khumi. Mayi Marlys mpaka lero amati anangomusiyira dala.

Chionetsero chomaliza chimachitikira kwathu, sabata yachiwiri ya Ogasiti, dzuwa lisanalowe. Bwalo linadzaza mpaka ena anakhala pa maboneti a magalimoto kunja kwa mpanda. Mayi Marlys anakhala pa malo awo a nthawi zonse, mzere wachitatu, singano itabayidwa pa kolala ya bulauzi.

Madzi anadontha m'zokuzira mawu. Ana anakwawa, anathamanga, ayezi anasweka, ndipo ulendo uno mayiwo sanabise, anagwira mkono wa Duane. Kenako nyimbo inatsika, inatsala ng'oma imodzi yokha. Ana otuwa aja anathamangira kuseri kwa mabokosi. Mayi Marlys anayamba kuwerenga chamumtima, ndipo pa seveni anasiya kupuma.

Pa teni mabokosi anakankhidwira kumbali. Kumbuyo kwake kunali mzere umodzi wobiriwira, kuchoka uku kukafika uko, mabatani akung'anima padzuwa. Malipenga anakwera onse nthawi imodzi, ndipo mzerewo unayamba kubwera.

Zomwe zinachitika pamenepo sindingazifotokoze bwino, chifukwa nanenso ndinali chilili ndikukuwa. Madoda a mimba zawo anaimirira, ena akuguba pomwe anali, mowa ukutayika. Wogulitsa soseji anapsereza chiwaya chonse. Duane ankangoti, "Uyo! Uyo!" misozi ili chuchuchu, chala chikuloza wachisanu ndi chinayi kuchokera kumanzere. Mayi Marlys sanafunike kulozeredwa. Mapewa a jekete limenelo anawasoka okha, ndipo mwana anali m'katimo ankaimba tsaya lili tuu. Anakondwa mayiwa, kukondwa kwenikweni.

Woweruza mmodzi akuti analemba kuti matherowo ndi achikale. Tinakhala achitatu, ndipo palibe anafunsa kuti woyamba ndani.

Zonse zitatha, omaliza zaka anavula nsapato n'kuzisiya pa kapinga. Britta anabwera ku mpanda ndi masokosi okha kuphazi, thukuta lili kamukamu, Dominic akumutsatira atasasa mawu. Britta anamatula jekete lija, analiyala pa benchi, analitseka bwinobwino n'kulitembenuza. Pansi pa Craig analemba dzina lake, theka mbali iyi ya msoko, theka mbali inayo. Kenako cholembera anapatsa mayi ake.

"Lembani, Mami."

"Usandiseketse. Ine sindinaimbepo lipenga, ndipo malo atha."

"Pamwamba pa Dadi alipo. Jeketeli lalowa m'bwalo lero chifukwa cha ndani?"

"Lembani, Mayi Tollefson," anatero Dominic. "Apo ayi chaka chamawa ndibweretsa masokosi a pinki."

Mayi Marlys anayang'ana Duane, Duane anagwedeza mutu. Mayiwo anawerama n'kulemba tizilembo ting'onoting'ono pansi pa kolala. Anaimirira, anamina, anauza Britta kuti avalenso amujambule chithunzi. Atavala, mayiwo anamuyang'ana kamodzi kokha, nkhope n'kusintha.

"Batani lachitatuli latani? Ulusi wanga suduka chonchi."

Britta anayang'ana kumwamba. Duane makutu anali atafiira kale.

"Mbewu yake imodzimodzi," anatero Mayi Marlys, akusolola singano pa kolala. "Ima bwino iwe, ndingakubaye."