Mala Yanga Inatsala ku Nampula

Mwana wanga wamkazi anali ndi miyezi isanu ndi inayi pamene dotolo anatiuza kuti mumtima mwake muli kabowo. Ine ndinali nditaziona kale kuti china chake sichili bwino. Akalira milomo inkada ngati wadya nthudza, akayamwa pang'ono ankasiya bere n'kumapuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu pamphumi, chonsecho ndi mu Juni, kuzizira kwa ku Lichinga kuno tonse tili m'majuzi. Anatilembera giya, kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu ku Maputo, n'kuiika mu envulopu pamodzi ndi zithunzi za pachifuwa ndi mapepala a magazi. Tsiku anatipatsa Lachinayi m'mawa. Namwino anandigwira dzanja potuluka. "Mamá, mapepala awa ndiwo mwana. Mukawataya, kumeneko akayambiranso pachiyambi, ndipo tsiku lina silipezeka msanga."

Za ndege anayendetsa ndi mlamu wanga, mng'ono wa bambo a mwana, amene amakonza mafoni mumsika wa Chiuaula. Yolunjika ku Maputo inalibe malo sabata imeneyo, ndiye anagula mabilyeti awiri, lililonse palokha: lina lochoka kuno kukafika ku Nampula, lina lochoka ku Nampula kukafika ku Maputo, onse a Lachitatu. "Mlamu, musasokoneze," anatero. "Ili muonetse kuno. Ili mulibise, mukalitulutse ku Nampula." Iyenso ndege anali asanakwerepo. Bambo a mwana ndi alonda, kuntchito sanawalole, ndiye ulendo unali wa ine ndi mwana basi.

Ine maulendo anga onse anali a shapa, timabasi ta pamsewu tija. Kuchoka kumudzi kwathu ku Lione kubwera mutauni, ndi kamodzi ku Cuamba kumaliro a amalume. Pa Mandimba mukasintha galimoto, kobradolo, kondakitala uja, wa uku amanyamula thumba lako n'kuponyera mnzake wa uko, iwe kwako n'kuloza ndi chala. Ndiye mumtima ndinati, ngati anyamata a shapa amatha zimenezi, kuli bwanji a ndege ovala mataye?

Mala, sutikesi yaikulu ya paulendo, analongedza ndi apongozi. Envulopu ija anaikulunga m'pulasitiki, kenako m'kapulana, chitenje chathu cha kuno, n'kuigoneka pansi penipeni. "Pepala la m'manja limagwa," anatero, "la pansi pa mala silithawa." Pamwamba pake zovala, pamwamba pa zovala nyemba za kumunda kwawo, mbatatesi, ndi usipa wouma, zonsezo za azakhali a amuna anga amene tinkakafikira kwawo, poti munthu sufika pakhomo pa eni chimanjamanja. Pachogwirira anamangapo kansalu kofiira kuti ndiizindikire. Ine m'kachikwama ka m'manja ndinangoikamo mankhwala a mwana, matewera atatu ndi mabilyeti.

Lachitatu kunacha ndi nkhungu, yoti mitengo ya paini yapafupi ndi bwalo la ndege sinkaoneka. Pawindo ndinaonetsa bilyeti loyamba lokha monga anandiuzira. Mtsikana wa pamenepo anamata pepala pachogwirira cha mala, kapepala kena anamata kuseri kwa bilyeti langa, n'kunena zinazake m'Chipwitikizi chothamanga. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachisanu, Chipwitikizi changa ndi cha mumsika ndi kuchipatala, ndipo nthawi imeneyo mwana anali atayamba kulira, maso anga ali pamilomo yake. Ndinangogwedeza mutu. Mwina zomwe ananena ndi zomwezo zimene ndinkafunika kumva. Sindidzadziwa.

Tinadikira nkhungu ija ichoke. Maola amene mlamu wanga anasiya pakati pa ndege ziwirizi anali kudyeka ndikuona, ngati sopo m'madzi. M'ndege sindinayang'ane pawindo ngakhale kamodzi. Ndinaika chikhatho pamsana pa mwana n'kumawerenga kupuma kwake mpaka matayala anagunda pansi.

Ku Nampula kutentha kunatimenya pakhomo pomwe. Anthu onse anakaunjikana pa lamba woyenda yekha wotulutsa katundu. Ndinati awa ndi amene ulendo wawo wathera pano. Ndikudutsa ndinaiona mala yanga, kansalu kofiira kali petupetu, ikubwera pa lamba, inandidutsa pafupi moti ndikanatha kuigwira, n'kukalowanso kuseri kwa katani lakuda. Ndipo ine ndinasangalala! Ndinati taonani, yafika bwino, ndiyo ikupita ku ndege inayo. Ndinamuuza ndi mwana yemwe kuti katundu wathu watsogola. Ndinatuluka, ndinapeza mpando, ndinamwetsa mwana mankhwala, ndinamuyamwitsa pang'onopang'ono monga ankafunira, kenako ndinakaima pamzere.

Pawindo mnyamata anayang'ana bilyeti lachiwiri n'kufunsa za katundu. Ndinati watsogola. Anafunsanso. Ndinamuonetsa kapepala ka kuseri kwa bilyeti loyamba. Anakayang'ana, anandiyang'ana, anapukusa mutu, n'kuyamba kufotokoza akuloza kumene ndinachokera. Mawu amene ndinagwira ndi awiri okha: Nampula, ndi mala. Ndinayamba kulankhula ndi mwana m'Chinyanja, sindikudziwa zomwe ndinkanena.

"Iwe mwanangu, wachokera ku Lichinga?"

Anali mayi wamkulu, wonenepa, mpango wobiriwira wofunda mpaka m'mapewa, ali pawindo loyandikana kufunsa za ulendo wake wobwerera. Ndinawakumbukira, m'ndege anakhala kutsogolo kwanga akutafuna mtedza. Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chiyao, monga amalankhulira a kunyanja. Anatenga mabilyeti anga onse awiri, anawatembenuza, anafunsa mnyamata uja mafunso awiri atatu.

"Wakugulira ndani zimenezi?"

"Alamu anga."

"Alamu ako akonze mafoni, za ndege azisiye." Ndinali ndisanawauze ntchito yake, ndinadzidzimuka. Anaseka. "Ndikumudziwa kamnyamata kameneko, ndakuona m'mawa akukuperekeza. Tamvera. Mabilyeti akowa ali ngati akazi a pamitala, wina satsukira mnzake mbale. Loyambali ntchito yake inathera pano, mala analembera pano. Lachiwirili silikudziwa n'komwe kuti unakwera ndege ina. Unayenera kuitenga wekha, n'kudzaipereka pano mwatsopano."

"Nanga ndikatsala?"

"Ukatsala watsala. Awa anena kuti sanakuchedwetse ndi iwo. Muli chiyani m'malamo?"

"Mapepala a mwana. A mtima. Mawa m'mawa."

Sanafunsenso. Anandigwira pamkono. "Tiye."

Khomo limene ndinatulukira lija silibwezera munthu m'kati. Mlonda anatambasula dzanja. Mayi aja anamulankhula Chipwitikizi, anamulankhula Chimakuwa, anamutcha mwana wawo, anamuonetsa milomo ya mwana wanga. Pomaliza anati alowe mwini wake yekha, ndi chitupa chake ndi kapepala kaja.

"Bweretsa mwana ndikugwirire, uthamange," anatero mayi aja.

Ndinawayang'ana manja, zala zofiira ndi hina, mphete yasiliva, ndinawayang'ana nsapato, ndinayang'ana khomo lotulukira kumsewu kuti lili patali bwanji. Munthu ndamudziwa mphindi zochepa chabe. Manja anga anakana.

"Wachita bwino," anatero. "Nanenso sindikanapereka. Pita, koma usamugwedeze."

Kuthamanga sindikanatha, chifukwa akagwedezeka amalira, akalira amada. Ndinayenda ngati wasenza chidebe chodzaza, dzanja lina pamutu pake lina pansi pake. Lamba uja anali ataima, chipinda chonse mbee, munthu mmodzi yekha akukolopa. Ndinamuuza kuti mala, vermelyu, vermelyu, kutanthauza kufiira, ndikuloza kansalu kofiira ka m'mutu mwanga. Anandilozera kachipinda kapambali. Inali mmenemo pakona, pamodzi ndi katoni ina yomanga ndi zingwe. Anafananitsa kapepala kanga ndi ka pachogwirira, anandilembetsa dzina m'buku.

Mala ya nyemba ndi mbatatesi si mala yokoka ndi dzanja limodzi. Ndinaikankha ndi bondo mpaka pakhomo. Mayi aja anangovula nsapato, anapinda mpango n'kupanga nkhata, mlonda uja anawatwika. "Mwaikamo miyala ya ku Lichinga?" anafunsa akuyenda. "Kapena apongozi ako alowamo okha?"

Pawindo panalibenso mzere. Mnyamata uja anayang'ana wotchi, anaimba foni, anamvetsera, anaika pansi. Mayi aja anandimasulira. "Akuti katundu atseka kale, mala siyikwera. Koma iwe ndi mwana mutha kukwera, ukapita pompano, ndi za m'manja zokha."

Ndinagwada pasimenti pomwepo. Kiyi anali pachingwe cha m'khosi. Nditatsegula, thumba la nyemba linang'ambika, nyemba zinamwazika waa mpaka kumapazi a anthu, fungo la usipa linadzaza ponse, bambo wina wa jekete anadumpha ngati waona njoka. Sindinachite manyazi, manyazi anabwera patapita masiku. Ndinakumba ndi dzanja limodzi, mbatatesi uko, masiketi uko, mpaka zala zinagunda kapulana ija, pulasitiki ili m'kati mwake. Ndinatsegula kuti ndione ndi maso anga. Giya inalimo, zithunzi zinalimo. Envulopuyo ndinailowetsa m'bulauzi, pakati pa ine ndi mwana. Mayi aja anali atayala kale kapulana, akuponyamo zovala za mwana, bulangeti lake, diresi langa limodzi, n'kumanga kaphukusi.

"Zotsalazi zisiye. Ine ndabwera kudzapikula nsalu, Loweruka ndibwerera. Kwanu n'kuti?"

"Ku Lulimile, kuseri kwa chigayo, chitseko chobiriwira."

"Basi. Thawa. Mulungu akutsogolere."

Ndinawasiya atagwada akuwola nyemba ndi manja. Dzina sindinawafunse, nambala sindinatenge, ngakhale zikomo sindikukumbuka ngati ndinanena. Ndinali womaliza kukwera masitepe a ndege, chitseko anatseka kumbuyo kwanga.

Kwa azakhali ndinafika chimanjamanja, ndi kaphukusi kokha. Nditafotokoza anangoti, "Nyemba tidzadya chaka chamawa, bweretsa mwanayo ndimuone." Lachinayi m'mawa ndinali pabenchi la chipatala, envulopu ili yofunda ndi thukuta langa. Dotolo anaitsegula, anakweza zithunzi m'mwamba poyera, anawerenga giya mpaka pansi, n'kulemba tsiku la opaleshoni.

Lamlungu bambo a mwana anaimba foni. "Iwe, mala yako ili pano. Yafika bwanji iwe usanafike?" Akuti inabwera panjinga yamoto, mayi wa mpango atakhala kumbuyo ataifungatira. Nyemba zinalimo, m'thumba latsopano losokedwa pakamwa. Mbatatesi zinalimo. Usipa munalibe. Anasiya uthenga woti usipa anadya ndi abale awo ku Nampula usanaonongeke, ndipo pamalo pake anaikapo kapulana yatsopano, yoberekera mwana akatuluka m'chipatala. Madzi anakana kumwa, ankathamangira kwawo. Amuna anga nawonso dzina sanafunse, ankaganiza kuti ine ndikuwadziwa.

Mwana uja pano ali ndi zaka zinayi, ali ndi chipsera chachitali pachifuwa, amathamangitsa nkhuku za aneba mpaka ndimachita kumukalipira. Mlamu wanga ndamufunsa kangapo, akuti amayi a mipango yobiriwira amene amamubweretsera mafoni ndi ambiri. Ndikapita ku Chiuaula ndimadutsa mzere wa ogulitsa nsalu pang'onopang'ono, kapulana ija nditamanga m'chiuno dala, ndikuyang'ana manja a mayi aliyense.