Amayi ake a Tisa sali ku Lusaka

Ayi, sanali anyezi. Anzanga a ku Kapata munandifunsa chimene chinafiiritsa maso anga Loweruka lija, ine n'kukunamizani. Ndinalira. Bambo wandevu, kulirira filimu!

Wolakwa ndi mkulu uja woika mafilimu m'mafoni. Ndinati, "Bwana, ndiikireni yankhondo, yamfuti zenizeni." Kufika kunyumba, nkhondo inatha kale filimu isanayambe. Mfuti olo imodzi. Kamtsikana kokha, tsiku lililonse kali pamsewu kudikira atate ake amene anafera kunkhondo, popanda wokauza zoona.

Chizungu chake sindinachimve. Kudikirako ndiye ndinakumva.

Paja kwathu kuli Tisa, wazaka zisanu ndi chimodzi, mwana wa malemu mlongo wanga. Tsiku loika maliro ku Chiparamba tinamubisa kwa aneba, monga timachitira. Tinamuuza kuti amayi apita ku Lusaka. Miyezi inayi tsopano, basi ikangoliza hutala iye liwiro kumsewu. Akati, "Amalume, tiwaimbire," ine, "Netiweki, mwanangu."

Kodi Lusaka ameneyu sadzaza? Agogo tinawatumiza ku Lusaka. Azakhali ku Lusaka. Timati tikuteteza mwana. Mwina, ndikungoganiza, tikudziteteza tokha.

Ndili kupukuta mamina pakhonde, mayi woyandikana nafe, wogulitsa tomato, anasuzumira pampanda.

"Achimwene, kwagwanji?"

"Filimu, mayi."

"Filimu? Nanga ine ndavala kale chitenje cha kumaliro!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Nditawafotokozera za Tisa, kuseka kunatha.

"Ine ndinabwera kuno ndili mwana, kuthawa nkhondo ku Mozambiki," anatero. "Anandiuza kuti atate atsalira ku Tete. Ndinawadikira mpaka kukwatiwa. Kulira kumatha, achimwene. Kudikira ndiye sikutha."

Lamulungu anasiya tomato wawo, n'kutiperekeza kumanda. Ine pakamwa panauma. Iwo anagwada, n'kumuuza Tisa zoona m'mawu ochepa. Mwana analira, ine n'kumuthandiza, mwina kumuposa. Kenaka anandiyang'ana.

"Ndiye amalume, netiweki ija munkanama?"

Ndinavomera. Anandilipiritsa mandazi awiri, n'kuthyola kanthambi, n'kuyamba kusesa pamanda a amayi ake.

Dzulo basi inaliza hutala. Tisa anadzutsa mutu, kenaka n'kupitiriza kusewera phada.

Inu, mwana wanu munamuuza kuti malemu apita kuti? Ngati pakamwa pakuuma ngati panga, pezani wokugwirani dzanja. Wanga amagulitsa tomato, ndipo basera sapereka. Ndi amayi Rozina.