Mitu ya Matemba

Dzulo mdzukulu wanga anabwera ndi matemba kuchokera kumsika wa Mkanda, n'kuyamba kuwadula mitu. Ndinakuwa mpaka galu anathawa: "Iwe, siya mituyo! Mphamvu ya mafupa ili mmenemo. Ngakhale kuchipatala amatero, ati kashiamu."

Fungo lakelo linandibweza kutali. Ndili mwana ndinagwa pachigafa cha fodya, mwendo n'kuthyoka. Bambo anaumanga ndi nsungwi ndi luzi, koma sananene ngati ndidzayendanso. M'mawa uliwonse onse ankapita kumunda, poti fodya wa bwana wa pa esiteti sadikira wodwala. Amayi ankandisiyira kambale ka matemba ootcha pambali pa mphasa.

"Utafune ndi mitu yomwe, minga usalavule," ankatero. "Fupa lakolo likufuna zimenezi."

Ndinkatafuna ndekhandekha, mchere ukuluma milomo, maso ali kudenga.

Tsiku lina masana ndinakwawa, ndinagwira chitseko, n'kuponda pansi. Mwendo unanjenjemera, koma ine si munthu wogonja ayi.

"Amayi! Ndaima!" ndinakuwa ndi mawu anga onse.

Pabwalo panali nkhuku yokha, ikupalasa. Ndinaimabe choncho, thukuta lili kamukamu, kudikira kuti wina abwere adzandione.