Misozi ya m'Kachitini

Lachinayi, mwezi wa Okutobala.

Ndadzuka mtima uli m'mwamba, ngati munthu amene wamva dzina lake likutchulidwa kuseri kwa nyumba. Kunja kunali kutatentha kale dzuwa lisanatuluke n'komwe. Ndisanasambe ndapisa dzanja m'sokosi yakale imene ndinaibisa pansi pa mabuku, kuti ndione ngati kachitini kaja kakadalimo. Kalimo. Si kanga. Ndi ka mnzanga amene takhala naye desiki imodzi kuyambira Fomu 1, ndipo ndinakatenga m'chikwama mwake Lachiwiri iye osadziwa. Mawa aphunzitsi a Chichewa asankha mmodzi mwa ife awiri woti akakhale mayi m'sewero lathu loimba, ku mpikisano wa masukulu. Ndilembe zonse bwinobwino. Mwina ndikaziona papepala ndidziwa ngati ndagwira wachinyengo kapena ndangoba.

Masewero oimba ndinayamba kuwakonda kwa achemwali anga. Amuna awo ali ndi kanyumba kometera pamsika, ndipo Lamulungu tikaweruka kutchalitchi amabwera ndi kanema kunyumba kwawo n'kumulumikiza ku batire la sola. Timadzazana m'nyumbamo, thukuta lili kamukamu, ana ena akusuzumira pawindo. Ambiri amakhala mafilimu achimwenye, aja amene bambo wina amalankhulira Chichewa pamwamba, mawu a mkazi ndi a mwamuna onse iye yekha. Nyimbo ikayamba bamboyo amakhala chete. Chodabwitsa n'chakuti m'pamene ine ndimamva zonse, ngakhale sindidziwa liwu ndi limodzi lomwe la chilankhulo chawo.

Ena amakonda pamene anthu akuvina pamvula, atavala zowalawala, ife kuno tikupsa. Nanenso ndimapakonda, ndipo pobwerera kwathu ndimayenda m'mphepete mwa minda ya thonje mapazi akufuna kuvina okha. Koma filimu yanga ya pamtima ndi ina imene mtsikana akuchoka kwawo atakwatiwa. Bambo ake ayima pakhomo, akufuna kulankhula koma mawu akukana, ndiye nyimbo ikuwalankhulira. Ndaionera kasanu, ndipo ulendo uliwonse ndimalira mpaka kufuna mpango.

Tsiku lina alamu anandipeza ndikupukuta m'maso.

"Mlamu, misozi ya anthu amenewa ndi ya m'botolo," anatero akuseka. "Amawadontheza mankhwala m'maso kenako n'kujambula. Inu mukuwononga yanu yeniyeni."

"Musiyeni mwana alire," anatero achemwali. "Inu timu yanu itagonja tsiku lija, anakudonthezani mankhwala ndani?"

Tonse tinaseka, koma mawu a alamu aja sanandichoke.

Teremu ino aphunzitsi a Chichewa analemba sewero lathu. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene akumusiyitsa sukulu kuti akakwatiwe kutsidya kwa mtsinje. Kumapeto mayi ake amatsala okha padooko n'kuimba m'Chisena, akufunsa bwato ngati lidzabwererenso ndi mwana wawo. Chuni chake n'chofanana ndi mmene amayi amalirira pamaliro. Nditangoimva ndinati nyimbo iyi ndi yanga. Ndimatsogolera kwaya kutchalitchi, ndipo kalasi yonse imadziwa kuti mawu ndili nawo. Koma mnzanga uja nayenso anakweza dzanja, munthu woti ngakhale pa asembule amangoyendetsa milomo.

Tsiku loyamba kuyeserera ndinaimba bwino, osaphonya paliponse. Iye ataimirira anayamba motsitsa, mawu akunjenjemera, ndipo atafika pofunsa bwato paja misozi inangoti mbwembwembwe mpaka kunyowetsa kolala ya yunifolomu. Anyamata a kumbuyo, amene amaseka chilichonse, anangoti zii.

"Iwe mawu uli nawo," anandiuza aphunzitsi, "koma ukuimba ngati ukuwerenga chidziwitso. Mnzakoyu watigwira pamtima. Tipitirize, ndidzasankha nthawi ikakwana."

Tsiku lachiwiri analiranso, pamalo omwewo. Tsiku lachitatu chimodzimodzi. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi misozi imadziwa bwanji mzere wa nyimbo? Kenako ndinaona kuti nthawi yoyeserera ikayandikira amatenga chikwama chake n'kupita kuseri kwa kalasi ya Fomu 4, kumene kulibe chimbudzi kapena mpopi. Pobwera amamveka kafungo ka mafuta opaka a chimfine, aja oti ukawayandikitsa kumaso amalasa. Chimfine mu Okutobala muno?

Palinso china chimene ndikuchita nacho manyazi kulemba. Mayi a mnzangayu anamwalira chaka chatha, ndipo ndinali naye pamaliropo kuyambira kusiwa mpaka kumanda. Sanagwetse msozi. Anangokhala pamkeka atayang'ana pansi, mpaka amayi ena kumanong'onezana kuti mwana uyu ngouma mtima. Ndiye munthu amene sanalire mayi ake enieni, lero akulira bwato la m'sewero, la mabenchi awiri ogundaniza?

Ndinaganiza zoti nanenso ndiphunzire kulira, koma mwachilungamo. Loweruka masana ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinaganizira za mtsikana wa mufilimu uja, ndinaganizira za galu wathu amene anagundidwa ndi njinga yamoto, koma m'maso munali gwa. Ndinati mwina vuto n'kuimba motsitsa. Ndinaika manja kumutu monga amachitira amayi pamaliro, n'kukweza mawu mpaka pomalizira.

Ndinaiwala kuti sabata imeneyo ababa anali atagona ndi malungo, ndipo mudzi wonse unkadziwa.

Oyamba kufika anali amayi a nyumba yoyandikana nafe. Anasiya ndowa pamjigo n'kubwera akuthamanga, akulira kale. Pambuyo pawo panabwera ena awiri akumanga zitenje m'chiuno. Bambo wina wodutsa ndi thumba la mapira anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Pamene ndinkatulukira kuseri kwa khola, pabwalo panali anthu oposa khumi, ndipo ababa anali ataima pakhomo ndi kapu ya thobwa m'manja.

"Ninji? Wamwalira ndani?" anafunsa ababa.

Amayi oyandikana nafe aja anasiya kulira pakamwa pali yasa. "Ife timayesa ndinu!"

Ena anaseka mpaka kukhala pansi, koma amayi anga sanaseke. Anthu atabalalika anandikokera m'nyumba.

"Ukutilaula eti? Bambo ako ali chigonere, iwe n'kumaitana maliro pakhomo pano? Zasukulu zanuzo zizithera kusukulu komweko." Anandigwira chibwano n'kundiyang'anitsitsa. "Taonani, m'maso muli gwa. Phokoso lonse lija popanda ndi dontho lomwe."

Zimenezi zinangowonjezera kukayika kwanga. Ine ndinalira mpaka kusonkhanitsa mudzi, msozi osatuluka. Mnzanga uja amangotsegula ngati mpopi. Lachiwiri pa nthawi yopuma, iye atapita kukagula zitumbuwa, ndinapisa dzanja m'chikwama mwake. M'kathumba kam'kati munali kachitini kofiira, kothetheka m'mbali, kokulungidwa m'kansalu. Sindinakatsegule n'komwe, fungo linandiuza. Ndinakaika m'thumba la siketi, ndikudziuza kuti ndikungofuna kuona chilungamo.

Dzulo, Lachitatu, tinayeserera. Ndinamuona akupita kuseri kwa Fomu 4. Anakhalitsako kuposa masiku onse, ndipo pobwera nkhope yake inali itasintha. Anaimba mizere iwiri, atafika pa bwato paja anangoima. Misozi panalibe, mawu panalibe. Aphunzitsi anamuuza kuti ayambirenso, koma anapukusa mutu n'kukakhala pansi. Ine ndinaimba bwino kuposa kale lonse. Aphunzitsi anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Lachisanu ndidzamvanso nonse awiri kamodzi, kenako ndidzasankha." Mumtima ndinati ndamugwira.

Poweruka tinayendera limodzi monga mwa masiku onse, iye akukankha njinga yake chifukwa inaphwa. Titafika pa mtengo wa masawu anaima.

"Shamwali, sunaoneko kachitini kofiira m'kalasi?"

"Kachitini kanji?" ndinafunsa, maso ali panjira.

"Kamafuta a chimfine. Kanali ka amayi. Ndinkawapaka pachifuwa masiku omaliza aja." Anatsamiritsa njinga pamtengo. "Pogawa katundu wawo ndinakabisa m'bulauzi. Azakhali atadziwa kuti ndinasunga chinthu cha malemu chimene sichinadutse m'manja mwa akuluakulu, angandithamangitse nako. N'chifukwa chake ndimayenda nako, ndipo sindingauze aphunzitsi kuti afufuze m'zikwama."

"Nanga umatani nako kuseri kwa Fomu 4?"

Anandiyang'ana msanga. Ndinazindikira kuti ndalankhula zambiri.

"Umanditsatira?"

"Ayi, ndimangokuona ukupita."

"Ndimanunkhiza basi," anatero. "Ndikanunkhiza ndimawaona ali pamkeka paja, akundiuza kuti ndipake pang'ono asathe. Tsiku la maliro misozi inakana, iwe unaona. Inadzabwera ndi nyimbo ija. Ndikaimba ndimakhala ngati ndikulira ine, komanso ngati akulira iwo."

"Sumapaka m'maso?"

"Nkhabe! Ndiwe wamisala? Angapake zimenezo m'maso ndani?"

Tinasiyana pamphambano. Sanandifunsenso, koma asanakhote anayang'ana chikwama changa nthawi yaitali ndithu.

Nditafika kunyumba ndinatsegula kachitini kaja. Ndinkayembekeza kupeza kouma, koti katsala fungo lokha, kuti ndimukhulupirire n'kuchita manyazi zithe. Koma m'mphepete munali timafuta pang'ono, ndipo pakati pake panali podinda chala. Chala cha liti? Cha chaka chatha popaka mayi ake, kapena cha Lolemba lapitali? Ndinakayang'ana padzuwa, ndinakatembenuza uku ndi uku, osapeza yankho. Kenako ndinachita chinthu chopusa. Ndinakhudzako pang'ono n'kupaka pansi pa diso. Misozi inatuluka nthawi yomweyo, yambiri, yotentha, diso limodzi lokha. Ndiye kuti njira ya alamu ija imagwiradi ntchito. Koma iye amalira maso onse awiri, ndiponso mawu ake amanjenjemera asanayambe kulira. Kapena amapaka onse awiri? Nanga mawu amawapaka chiyani?

Pamene ndinkasamba m'maso m'pamene ndinakumbukira kuti ndapaka mafuta a munthu wakufa pankhope panga, patangopita masiku ochepa kuchokera pamene ndinalaula pakhomo. Ndiponso ndachepetsa timafuta timene mayi ake ankati tisathe. Tsopano muli zala ziwiri m'kachitinimo, china n'changa.

Lero kusukulu anabwera, anakhala pambali panga, anandibwereka rula monga mwa nthawi zonse. Koma chikwama chake anachiika pamiyendo tsiku lonse, ngakhale popita kubolodi ananyamuka nacho. Akudziwa? Kapena nkhani yonse ya pa mtengo wa masawu anaikonza atadziwa kale kuti ndi ine, kuti ndimve chisoni ndibweze? Munthu wotha kuliza kalasi yonse angalephere kundiliza ine ndekha? Ndikaganiza choncho ndimadziona wochenjera. Koma ndikakumbukira mmene anaimira dzulo pakati pa nyimbo, pakamwa pali potsegula mawu osatuluka, ndimaona kuti anali ngati bambo aja a mufilimu ataima pakhomo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo nyimbo inawalankhulira, pamene iye nyimbo yake inali m'thumba la siketi yanga.

Ndayambanso kudzikayikira ndekha. Ine ndimalirira anthu a mu kanema amene sindiwadziwa, amene mwina anawadonthezadi mankhwala, ndipo sindinayambe ndafunsapo ngati misozi yangayo ndi yoona. Koma mnzanga wa desiki imodzi ndamuika pa mlandu. Kodi ndikanakayika chonchi akanakhala kuti sakulimbirana nane malo? Funso limeneli sindikulikonda.

Malo aja ndikuwafunabe, ndisaname. Ndikufuna kukwera lole ndi anzanga, kuima pamaso pa masukulu onse, amayi amve kuti phokoso lija linali ndi ntchito. Kachitinika nditakasunga tsiku limodzi lokha, mawa madzulo malowo ndi anga. Koma ndiye ndidzaimba bwanji za mayi wolandidwa mwana, ndili ndi chinthu chimene ndalanda mwana wopanda mayi?

Ndinaganiza zokabwezera mwakachetechete m'chikwama mwake, koma sachisiyanso pansi, ndipo angaganize kuti mayi ake ndi amene akubweza, achite mantha. Choncho mawa ndilawirira. Ndikamudikira pamphambano, ndikamupatsa m'manja, ndikamuuza kuti ndinatenga ndine ndiponso kuti chala chachiwiricho n'changa. Akafuna kusamuka desiki asamuke. Koma ndikamupempha chinthu chimodzi: nthawi yoyeserera ikakwana, ndipite naye kuseri kwa Fomu 4. Ndikufuna ndikaone ndi maso angawa ngati kachitiniko kakupita kumphuno kapena chala chikupita kumaso. Kenako tikaimbe tonse awiri, aphunzitsi asankhe.